Mutu 9: Kusankha Dera Lokhala Posamukira Mumzinda Waukulu

Madzi a nsima ali pamoto, ndiwo zatsala pang'ono kupsa, mayi atsegula chitini n'kupeza mchere watha. Ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi imeneyi si nkhani. Aitana mwana wa Sitandade 4, am'patsa ndalama, iye liwiro la pa okala, ndipo phala lisanayambe kuwira wabwerako kale. Panjira wapatsa moni amayi a pa benchi ya tomato, wadutsa anzake akusewera phada, atelala a pakhonde am'kalipira kuti aziyang'ana njinga. Anthu angapo amuona, ndipo onsewo akudziwa kuti ndi mwana wa ndani.

Ambirife sitiona chachilendo pamenepa. Mwinanso timakuyesa kusauka, poganiza kuti wopeza bwino ndi amene amakagula mchere pa galimoto. Koma m'mayiko momwe pafupifupi banja lililonse lili ndi galimoto, makamaka ku America, moyo woterewu ndi wosowa, ndipo anthu amaulipira ndalama zankhaninkhani. Kuli madera akuluakulu komwe sitolo yapafupi ili makilomita angapo, kutsidya kwa chimsewu chotakata chopanda powolokera. Kumeneko mchere ukatha, mayi amazimitsa moto, kumanga ana malamba m'galimoto, n'kuuyamba ulendo. N'chifukwa chake makolo a kumeneko akamasamuka amafunsa funso limodzi mobwerezabwereza: kodi ndi dera liti kunja kwa mzinda lomwe lili ndi sukulu yabwino komanso masitolo oti munthu n'kufikako wapansi?

Funso limeneli likukhudzanso athu omwe akupita kunja kukaphunzira kapena kukagwira ntchito atatenga banja lonse. Munthu wokulira komwe chilichonse chili pafupi saganizirako n'komwe zofunsa ngati mwana adzathe kuyenda yekha kupita kusukulu. Amazindikira atasaina kale pangano la lendi la chaka chathunthu.

Kunja kwa mzinda, koma si kumudzi

Mzinda waukulu umakhala ndi pakati pake, pomwe pali maofesi ndi nyumba zosanja zitalizitali. Kuzungulira pamenepo pamakhala madera omwe anthu amagonako n'kumalawirira kuntchito mtauni. Dera lotere Azungu amalitcha suburb. Lifanana pang'ono ndi kumayadi, koma ku America pali kusiyana kwakukulu: nthawi zambiri dera lililonse limakhala ndi khonsolo yakeyake, apolisi ake, sukulu zake ndi msonkho wake. Kuzungulira mzinda wa Chicago wokha kuli makhonsolo otere opitirira 200. Kuwoloka msewu umodzi kungatanthauze kusintha sukulu ya mwana ndi ndalama za msonkho zomwe mumapereka pachaka. Posankha dera, ndiye kuti mukusankhanso boma laling'ono lomwe likulamulireni.

Madera ena mwa amenewa ali ndi katauni kawokawo: misewu iwiri kapena itatu pomwe pali golosale, banki, positi ofesi, laibulale, ometa tsitsi, malo odyera, ndipo kawirikawiri siteshoni ya sitima. Madera ambiri alibe. Ndi nyumba zokhazokha, kapinga wometa bwino, n'zipata za magalaja. Kuti timvetse chifukwa chake ena ali nako katauni pomwe ena alibe, tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka zopitirira 100.

Njanji inamanga kwina, galimoto inamanga kwina

M'chaka cha 1888, katswiri wina dzina lake Frank Sprague anayambitsa timasitima ta magetsi toyenda pa njanji m'misewu ya mzinda wa Richmond ku Virginia. Patangopita zaka zochepa, mizinda yambiri ya ku America inali nato. Anthu anayamba kumanga nyumba kunja kwa mzinda motsata njanjizo komanso njanji za sitima zikuluzikulu. Popeza munthu akatsika ankayenera kukafika kwawo wapansi, nyumba zinkamangidwa moyandikana, pa mapoloti aang'ono, kufupi ndi siteji. Wamalonda naye ankadziwa kuti makasitomala onse adutsa pamenepo madzulo, choncho ankatsegula sitolo pasiteji pomwepo, iye n'kumagona pamwamba pake. Umu ndi momwe kanayambira katauni ka madera monga Oak Park ndi Evanston kufupi ndi Chicago, Brookline kufupi ndi Boston, ndi Montclair kufupi ndi New York. Anthu sanachite kukonza kuti maderawa akhale oyendeka pansi. Panalibe njira ina yoyendera.

Kenako zinthu zitatu zinasintha kamangidwe. Choyamba ndi lamulo logawa malo. M'chaka cha 1926 khoti lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa tauni ya Euclid ku Ohio, linavomereza kuti khonsolo ili ndi mphamvu zonena kuti kuno n'kwa nyumba zokha, uko n'kwa masitolo okha, uko n'kwa mafakitale. Cholinga chinali chomveka, chifukwa palibe amene amafuna utsi wa fakitale pazenera la kuchipinda. Koma lamulo lomwelo linathamangitsanso golosale ndi wophika buledi pakati pa nyumba.

Chachiwiri ndi kumanga nyumba mwachipiku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Pakati pa 1947 ndi 1951, kampani ya banja la Levitt inamanga nyumba zopitirira 17,000 m'minda yomwe kale munkalimidwa mbatata ku Long Island, kum'mawa kwa New York. Malowo anawatcha Levittown. Nyumba zinali zotsika mtengo, asilikali obwera kunkhondo anazithamangira, ndipo omanga m'dziko lonselo anatengera. Chachitatu chinadza mu 1956, pomwe boma la Dwight Eisenhower linakhazikitsa lamulo lomanga misewu ikuluikulu yolumikiza dziko lonse. Chaka chomwecho ku Edina m'boma la Minnesota kunatsegulidwa Southdale Center, chinyumba chimodzi chofolera chokhala ndi masitolo ambirimbiri m'kati, kunja kwake bwalo lalikulu loimikapo magalimoto. Makhonsolo anawonjezanso malamulo okakamiza sitolo iliyonse yatsopano kukhala ndi malo ambiri oimikapo galimoto, zomwe zinachititsa kuti masitolo atalikirane.

Zotsatira zake n'zodabwitsa. M'madera ambiri a ku America lero, munthu atafuna kumanga katauni konga kakale kaja, sitolo pansi nyumba pamwamba, khonsolo ingam'kanize chifukwa malamulo salola. Ofuna kukhala m'madera oyendeka pansi ndi ambiri, pomwe maderawo sakuchuluka. Apa ndi pomwe pachokera kukwera mtengo kwake. Apanso ndi pomwe wosamuka angapeze poyambira: tsegulani mapu, tsatani njanji zotuluka mumzinda, ndipo funsani kuti dera lililonse linamangidwa liti. Lomwe linakula chisanafike chaka cha 1940 ndipo lili ndi siteshoni, kawirikawiri katauni kake kalipo.

Tiyeni tione Oak Park

Oak Park ili kumadzulo kwa Chicago, ndipo msewu wa Austin Boulevard ndiwo malire ake ndi mzindawo. Ndi dera laling'ono, pafupifupi masikweya kilomita 12, koma kalembera wa 2020 anapezamo anthu opitirira 54,000. Kuchulukana kumeneku ndiye maziko a zonse. Sitolo imafuna makasitomala, ndipo ngati makasitomalawo azibwera wapansi, ayenera kukhala ambiri pafupi nayo.

Mukatsika sitima ya Green Line pa siteshoni yotsiriza ya Harlem/Lake, ulendo wa mphindi zosakwana 30 kuchokera pakati pa Chicago, mumapezeka muli m'katauni. Pa Lake Street zitseko za masitolo zimatsegukira mumsewu momwemo, popanda bwalo la magalimoto pakati. Pali nyumba ya kanema ya Lake Theatre yomwe inatsegulidwa mu 1936 ndipo ikugwirabe ntchito. Mukayenda chakum'mawa mumafika pa laibulale yaikulu, yomwe yagundizana ndi paki ya Scoville. Loweruka m'mawa, kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Okutobala, alimi amabwera ndi zokolola zawo kudzagulitsa pabwalo la tchalitchi cha Pilgrim. Mukapatuka kulowa m'misewu ya nyumba, mupeza mitengo italiitali yakuta msewu, kanjira ka simenti ka oyenda pansi mbali zonse ziwiri, ndi nyumba zokhala ndi khonde loyang'ana kumsewu. Magalaja ambiri ali kuseri, m'tinjira todutsa kumbuyo kwa nyumba, kotero kuti mwana woyenda kutsogolo sakumana kawirikawiri ndi galimoto yotuluka chambuyo. Sukulu za pulayimale za boma zilipo 8, zomwazikana m'dera lonselo, ndipo ana ambiri amakhala kufupi ndi imodzi mwa izo.

Alendo amapitako kukaona nyumba za katswiri wa zomangamanga Frank Lloyd Wright ndi nyumba yomwe mlembi Ernest Hemingway anabadwiramo mu 1899. Koma kwa banja lochokera ku Africa, mbiri yofunika kwambiri ndi ina. M'chaka cha 1950 katswiri wa zamankhwala wachikuda, Percy Julian, anagula nyumba m'derali, ndipo anthu osafuna munthu wakuda pakati pawo anayesa kuitentha banjalo lisanalowemo. Chaka chotsatira anaponyanso bomba panyumbapo. Tsankho lotere silinali la Oak Park yokha: ku Levittown kuja pangano la nyumba linkaletseratu anthu akuda kukhalamo. Chomwe chinasiyanitsa Oak Park n'chakuti anthu ake ena anaima nalo banjalo, ndipo mu 1968 khonsolo inakhazikitsa lamulo loletsa tsankho pogulitsa ndi pochititsa lendi nyumba, chaka chomwenso boma la America linakhazikitsa lamulo lotero. Lero imodzi mwa sukulu za m'derali imatchedwa dzina la Julian.

Nkhaniyi ikutikumbutsa kuti dera likhoza kukhala lokoma kwa mabanja ena koma lozizira kwa lanu. Mapu sangakuuzeni zimenezi. Pitani pabwalo losewerera ana, muone nkhope zomwe zilipo. Funsani ngati pafupi pali wodziwa kuluka tsitsi la mwana wanu, sitolo yomwe mungapezeko ufa wa chimanga, ndi tchalitchi kapena mzikiti womwe mungamasukemo.

Muyeso wake ndi miyendo

Kodi pafupi ndi pati? Munthu wamkulu woyenda mosathamanga amatha pafupifupi makilomita 5 pa ola. Ndiye kuti mamita 400 ndi mphindi 5, mamita 800 ndi mphindi 10. Okonza mizinda akhala akugwiritsa ntchito muyeso umenewu kwa nthawi yaitali. M'chaka cha 1929 Clarence Perry wa ku New York analongosola kuti dera labwino likhale ndi sukulu ya pulayimale pakati, nyumba zonse zikhale pafupifupi mamita 400 kuchokera pakatipo, ndipo misewu ikuluikulu idutse m'malire, isadule derali pakati. Mu 2016, pulofesa Carlos Moreno wa ku Paris anabweretsa ganizo lakuti zofunika zonse za tsiku ndi tsiku zizipezeka pa ulendo wa mphindi 15 wapansi kapena wa panjinga.

Manambala amenewa ndi a munthu wamkulu wopanda katundu. Mwana wa zaka 4 amaima kuti atole kamwala, amabwerera kukaona galu, amatopa. Mphindi 10 zija zimasanduka 20. Choncho poyesa dera, yesani ndi miyendo ya wamng'ono kwambiri m'banjamo, kapena ya agogo ngati mukukhala nawo.

Mapu amanamizanso mwa njira ina. M'madera akale misewu inalukana ngati dengu, kotero kuti kuchoka pano kupita apo pali njira zingapo ndipo zonse n'zachindunji. M'madera atsopano misewu yambiri ndi yokhotakhota ndipo imathera pa zipata za nyumba, osatulukira kwina. Onse otuluka amadzera msewu umodzi wopita kumsewu waukulu. Sukulu ikhoza kuoneka kuseri kwa mpanda wanu, mabelu ake mukuwamva, koma kuti mukafikeko muzungulire makilomita awiri. Musayese mtunda ndi chala pa mapu. Funsani foni kuti ikuonetseni njira ya woyenda pansi. Palinso tsamba la pa intaneti lotchedwa Walk Score, lomwe linayamba mu 2007, limene limapereka malikisi kuyambira 0 mpaka 100 kwa nyumba iliyonse potengera kuyandikana kwake ndi masitolo, sukulu ndi mapaki. Ndi lothandiza posefa madera ukadali kutali. Koma limawerenga makamaka mtunda. Silidziwa kuti kanjira kanagumuka, kuti magetsi a mumsewu sayaka, kapena kuti madalaivala a pamphambano ija saima.

Nanga m'katauniko muli chiyani? Apa ambiri amapusitsika. Pali timatauni tokongola tomwe tadzaza ndi malo odyera okwera mtengo, masitolo a mphatso ndi a makandulo onunkhira, tomwe moyo wake ndi alendo a Loweruka. Banja silikhalira zimenezo. Yeso labwino ndi ili: kodi mungagule anyezi, mkaka, mankhwala a mutu, babu ya magetsi ndi kope la mwana osakwera galimoto? Kodi pali laibulale kapena paki, pomwe munthu angakhale maola awiri osatulutsa kobiri? Palinso malo atsopano omangidwa mofanizira katauni kakale, okhala ndi mabenchi ndi maluwa, koma ozunguliridwa ndi bwalo la magalimoto mbali zonse. Kumeneko anthu amapita pa galimoto kuti akayende pansi. Kwa mwana wopanda laisensi malo otere ali kutali chimodzimodzi.

Msewu womwe mwana adzawoloke

Pa zonse zomwe makolo amaopa mumzinda wachilendo, akuba ndiwo amatchulidwa koyamba. Koma bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti ngozi za pamsewu ndizo zikupha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, ndipo lipoti lake la 2023 linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse. Ku America kokha, oyenda pansi opitirira 7,500 anaphedwa ndi galimoto mu 2022, chiwerengero chomwe chinali chisanaonekenso kwa zaka pafupifupi 40.

Chomwe chimapha ndi liwiro. Munthu wogundidwa ndi galimoto yoyenda makilomita 30 pa ola kawirikawiri amapulumuka. Pa makilomita 50 ngozi ya imfa imakwera kangapo, ndipo pa 80 ambiri sadzuka. Dalaivala wothamanga amafunanso mtunda wautali kuti aime, komanso maso ake amangoona kutsogolo, saona kamwana komwe kaima m'mbali. N'chifukwa chake dziko la Wales mu Seputembala 2023 linatsitsa liwiro la m'misewu yambiri ya m'madera okhala anthu kufika pa mamailosi 20 pa ola, omwe ndi makilomita 32.

Chikwangwani cha liwiro chokha musachikhulupirire. Dalaivala amamvera maonekedwe a msewu kuposa chikwangwani. Msewu wotakata, wowongoka, wopanda mitengo umamuuza kuti aponde mafuta. Wopapatiza, wokhala ndi mitengo, magalimoto oimikidwa m'mbali ndi mahampu umam'kakamiza kufatsa. Woopsa kwambiri ndi msewu wa mizere 4 kapena 6 womwe m'mbali mwake muli masitolo, chifukwa umaitana anthu kuti awoloke kwinaku ukulola magalimoto kuthamanga. Ngati pakati pa nyumba ndi sukulu pali msewu wotere, mamita 400 aja alibenso ntchito. Imani pamaloboti ake, muwerenge nthawi yomwe amapatsa woyenda pansi, muone ngati mayi wokankha kangolo ka mwana angafike tsidya linalo asanasinthe.

Za akuba zija, mlembi Jane Jacobs anazifotokoza bwino m'buku lake la 1961 lonena za mizinda ya ku America. Mfundo yake inali yakuti msewu umatetezedwa ndi anthu wamba omwe amauona tsiku lonse: wa m'sitolo, wokhala pakhonde, wodikira basi. Msewu wa zii, wa mipanda italiitali mbali zonse, ukhoza kuoneka waulemu, koma mwana akakuwa palibe womumva.

Sukulu imatsata adiresi

Ku America mwana amapita kusukulu ya boma ya m'chigawo chomwe nyumba yake ili, ndipo gawo lalikulu la ndalama zoyendetsera sukuluyo limachokera ku msonkho wa nyumba za m'chigawomo. Malire a chigawo cha sukulu nthawi zina sagwirizana ndi malire a dera, choncho musamvere wotsatsa nyumba yekha. Funsani ku ofesi ya zamaphunziro, mutatchula nambala ya nyumba ndi dzina la msewu. Malikisi omwe masamba a pa intaneti amapatsa sukulu muwatenge mosamala, chifukwa kawirikawiri amaonetsa kulemera kwa makolo kuposa luso la aphunzitsi.

Ku England, komwe anamwino athu ambiri akugwira ntchito, sukulu ikadzaza kawirikawiri amayang'ana mtunda wochokera kunyumba, ndipo malipoti a bungwe loyendera sukulu la Ofsted aliyense akhoza kuwawerenga mwaulere. Masiku nawo ndi ofunika: kalata yofunsira malo a woyamba pulayimale imatsekedwa pa 15 Januwale, ya sekondale pa 31 Okutobala. Wosamuka pakati pa chaka amalandira malo omwe atsala.

Chizindikiro chosanama ndi geti la sukulu m'mawa. Mu 1969 pafupifupi theka la ana a ku America ankapita kusukulu wapansi kapena panjinga. Pofika 2009 anali atatsala 13 pa 100 alionse. Mukapeza sukulu yomwe ana akufika m'timagulu wapansi, njinga zitadzaza pakhomo, dziwani kuti makolo a kumeneko amaikhulupirira misewu yawo. Mukapeza mdipiti wa magalimoto wofika kumsewu, inunso mudzakhala pamzerewo kawiri patsiku kwa zaka zambiri.

Kuwerengera ndalama zonse

Nyumba ya kufupi ndi katauni ndi yodula, ndipo kawirikawiri ndi yaing'ono poyerekeza ndi ya mtengo womwewo kutali. Koma lendi si ndalama yokhayo yomwe dera limakudyerani. Alangizi amakonda kunena kuti nyumba isatenge ndalama zopitirira 30 pa 100 za malipiro. Bungwe la Center for Neighborhood Technology la ku Chicago linawonjezapo kuti nyumba ndi mayendedwe ziwerengedwe pamodzi, ndipo zonse zisapitirire 45 pa 100. Bungwe la eni magalimoto la AAA linawerengera mu 2023 kuti kukhala ndi galimoto yatsopano ku America kumadya madola opitirira 12,000 pachaka, kuphatikiza mafuta, inshulansi, kukonzetsa, chiwongoladzanja ndi kutsika kwa mtengo wake. Kudera lopanda katauni, bambo ndi mayi aliyense amafunika yake. Banja lomwe lingakwanitse kukhala ndi imodzi lapulumutsa madola pafupifupi 1,000 pamwezi, ndipo kusiyana kwa lendi kuja kumatha pomwepo. Kwa mlendo yemwe alibe laisensi ya m'dzikomo nkhaniyi ndi yaikulu koposa. Amene watsala pakhomo ndi ana, opanda kopita wapansi, ndi wandende.

Madera akalewa ali ndi zovuta zawo, ndipo si zazing'ono. Msonkho wa nyumba ku Illinois ndi ku New Jersey uli m'gulu la wokwera kwambiri ku America konse. Malo oimika galimoto ndi osowa, sitima imachita phokoso, ndipo nyumba yakale imadya ndalama zambiri zotenthetsera m'nyengo yozizira. Choopsa kwa ana ndi mtovu, chitsulo chomwe chimawononga ubongo wa mwana ngakhale chilowe m'thupi pang'ono. Penti ya m'nyumba yokhala ndi mtovu inaletsedwa ku America mu 1978, ndipo lamulo limakakamiza mwini nyumba yomangidwa chisanafike chaka chimenecho kuulula zomwe akudziwa. Mapaipi akale a madzi nawonso ena ndi a mtovu. Funsani musanasaine, paja safunsa anadya phula. Ndipo ngati n'kotheka, chitani lendi chaka chimodzi musanagule, kuti muone derali m'chisanu ndi m'chilimwe momwe.

Kufupi ndi kwathu

Mbiri ya njanji ndi galimoto ija imaonekanso ku Johannesburg, komwe timasitima ta mumsewu tinayenda mpaka 1961. Madera akale monga Melville, Parkhurst ndi Norwood ali ndi msewu wawo wa masitolo: 7th Street, 4th Avenue ndi Grant Avenue. Madera atsopano a kumpoto monga Fourways ndi a nyumba za m'mipanda ya mageti ndi masitolo ofikako pa galimoto. Kumeneko funso lowonjezera ndi lakuti kodi anthu a m'deralo amayenda pansi dzuwa litalowa, ndipo oyankha bwino ndi omwe amakhalako.

Lilongwe ndi nkhani ina. Pulani ya likulu latsopano inakonzedwa mu 1968, ndipo boma linasamukirako kuchoka ku Zomba mu 1975. Okonza ake anatengera ganizo la mzinda wa mitengo ndi malo otakasuka, lomwe Ebenezer Howard anayambitsa ku England ndi tauni ya Letchworth mu 1903. Koma Letchworth ndi yaing'ono, yoyendeka pansi, pomwe Lilongwe anaimwaza: Old Town uku, City Centre ndi Capital Hill uko, Kanengo kumpoto, pakati pake tchire ndi misewu italiitali. Wosamutsidwira ku Lilongwe pantchito amakumana ndi chisankho chomwe tafotokozachi, chitangovala zovala zina. Ku Area 10 kapena 43 kuli bata ndi mithunzi, koma pafupifupi chilichonse chimafuna galimoto, ndipo mafuta akasowa pakhomo pamavuta. Ku Kawale, Biwi kapena Area 25 msika, sukulu, chigayo ndi siteji ya minibasi zili pafupi, koma mwana amagawana msewu ndi njinga zamoto za kabaza, ndipo mvula ikagwa ngalande zimasefukira. Kuganiza kwanga n'kwakuti madera achiwiriwa ali kale ndi chinthu chovuta kumanga, chomwe ndi kuyandikana. Chomwe akusowa ndi chosavuta: tinjira ta oyenda pansi, mahampu, magetsi a mumsewu ndi ngalande. Pa ngalandepo musachite mphwayi. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anaonetsa ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche ku Blantyre kuti komwe madzi amadzera ndi funso loyamba kufunsa, lendi ibwere pambuyo.

Ulendo wokaona

Otsatsa nyumba amakonda kukutengani pa galimoto masana a Loweruka, dzuwa likuwala, msewu uli phee. Landirani ulendowo, koma mubwererenso panokha. Pitani m'mawa wa tsiku la sukulu, nthawi yomwe magalimoto achuluka. Pitaninso madzulo kutada, muone ngati mumsewu muli anthu, makamaka amayi oyenda okha ndi okalamba. Ngati mungathe, pitaninso tsiku la mvula kapena la chipale chofewa, chifukwa kumayiko ozizira kanjira kosachotsedwa chipale kamatseka ulendo wa kangolo ka mwana kwa miyezi.

Galimoto muisiye pakhomo pa nyumba yomwe mukuifunayo. Gwirani mwana wamng'ono padzanja, muyende mpaka kusukulu, kuchoka apo kugolosale, kupaki, kusiteji, n'kubwerera mutanyamula jumbo ya zogula. Pabwalo losewerera, patsani moni kholo lomwe mwalipeza, mulifunse kuti ana a kuno amayamba kuyenda okha ali ndi zaka zingati, ndiponso kuti ndi mphambano iti yomwe salola mwana wake kuwoloka. Khitchini yakale mudzaikonza, chipinda chochepa ana adzagona mosanjikiza mabedi, koma msewu wa mizere 6 simudzausuntha. Ngati pa ulendowu pali malo amodzi pomwe mwam'nyamula mwanayo chifukwa cha mantha, nyumbayo isiyeni, mukaone ina.